Kudzutsa injini yakale ya mpikisano: mafunso a ku Garden ndi mayankho ake

Amene wadutsapo mu msewu wa Katima Mulilo ku Lusaka amaidziwa komboni ya Garden ndi maso komanso ndi makutu. Mageti, mafelemu a zitseko ndi a mawindo zili ndandanda m'mbali mwa msewu, moto wa owotcherera uli ng'aning'ani, chitsulo chikulira kuyambira m'mawa. Mukalowa mkati mwa komboni mumapeza anthu ena a zitsulo, amakanika, ndipo kuseri kwa magalaja ena kuli magalimoto amene anaima kalekale, matayala ataphwa, udzu utamera pansi pake: Datsun, Cortina, Escort, Peugeot 504, Corolla yakale yokankha ndi matayala a kumbuyo. Eni ake ena amafuna kuwadzutsa kuti aziyendera Lamlungu, ena maso ali pa mpikisano. Mafunso ali m'munsimu ndi amene anthu otere amafunsa kawirikawiri. Ndayankha monga munthu wokhulupirira kuti manja a ku Garden angaithe ntchito imeneyi, malinga ngati manjawo avomera kugwira chipangizo choyezera asanagwire sipanala.

Kodi mpikisano wa magalimoto uli ndi mbiri kuno ku Zambia, kapena ndi za maiko a kunja?

Mbiri ilipo, ndipo ndi yonyaditsa. Mu African Rally Championship, mpikisano wa Africa yonse umene unayamba mu 1981, Satwant Singh wa kuno kwathu anakhala katswiri kokwana ka 8, koyamba mu 1988, komaliza mu 2000. Muna Singh anatenga chikho chomwecho mu 2004 ndi 2005, Mohamed Essa mu 2012, Jassy Singh mu 2013, ndipo Leroy Gomes mu 2022. Kumbuyo kwa dzina lililonse pamenepa kunali amakanika amene ankagona mochedwa, akumasula ndi kumanga, ngakhale maina awo sanalembedwe m'nyuzipepala.

Magalimoto akale amene tikunenawa nawonso anadziwika pa nthaka ya Africa yomwe ino. Pa Safari Rally ya kum'mawa kwa Africa, Datsun 1600 SSS inapambana mu 1970, Datsun 240Z mu 1971 ndi 1973, Ford Escort RS1600 mu 1972, Peugeot 504 mu 1975. Injini zimenezi zinayesedwa m'fumbi, m'matope ndi m'kutentha kofanana ndi kwathu kuno. Kuyambira 2003 kuli East African Safari Classic Rally, kumene magalimoto a zaka zomwezo amathamangabe, injini zake zitamangidwanso ndi anthu a lero.

Ndi injini ziti zakale zimene munthu angavutikire osataya ndalama pachabe?

Yambani ndi imene zipangizo zake zikupezekabe. Injini za Datsun za mtundu wa L, monga L16, L18 ndi L24 ya masilinda 6 ya mu 240Z, ndi zolimba kwambiri ndipo zambiri mwa zipangizo zake zimalowana. Injini ya Ford yotchedwa Kent crossflow, ya mu Escort ndi Cortina, ndi yosavuta kuimvetsa, ndipo block yake ndi imene kampani ya Cosworth inamangirapo injini ya BDA ya mu RS1600. Nissan A14 ya mu kabakkie ka 1400 inapangidwa ku South Africa mpaka 2008, ndipo Essex V6 ya malita 3 ya mu Cortina XR6 inapangidwa komweko mpaka 2000, choncho zipangizo za ziwirizi sizichokera kutali. Palinso Toyota 4A-GE, imene inatuluka mu 1983, ya makamu awiri ndi ma valve 16. Achinyamata amaikonda chifukwa imakwera ma rev mosanyinyirika.

Injini yosowa, imene gasiketi yake yokha muyenera kuidikira miyezi kuchokera ku Ulaya, isakhale yoyambira kuphunzirapo.

Injini yanga ikufuka utsi ndipo yafooka. Ndiuze amakanika aimasule?

Osathamanga. Injini imanena vuto lake isanamasulidwe, ndipo mukaimasula musanaifunse mwataya umboni. Choyamba ndi kuyeza compression ya silinda iliyonse, injini ili yotentha, mapulagi onse atachotsedwa. Masilinda asasiyane kupitirira magawo 10 pa 100 alionse. Silinda imodzi ikatsika, thirani oyilo pang'ono pa bowo la pulagi n'kuyezanso. Nambala ikakwera, vuto ndi ma ring'i kapena khoma la silinda. Ikakhala pomwepo, vuto lili kumwamba, ku ma valve kapena ku gasiketi ya hedi. Chachiwiri ndi kuyeza mphamvu ya oyilo ndi geji yeniyeni, osadalira kanyale ka pa dashibodi, kamene kamayaka zinthu zitaonongeka kale.

Utsi nawonso uli ndi mitundu. Wabuluu ndi oyilo. Wakuda ndi petulo wochuluka, ndipo nthawi zambiri umathera pa kabureta, osati mkati mwa injini. Woyera wosatha ngakhale injini itatentha ndi madzi. Mwini galimoto akafika n'kunena kuti, "Bamakanika, motoka yanga ilibe mphamvu," yankho lisakhale lakuti, "Boss, ni ma ring'i chabe," boneti lisanatsegulidwe n'komwe. Makanika wabwino amakuonetsani manambala.

Overhaul ya masiku onse imasiyana bwanji ndi kumanga injini ya mpikisano? Zipangizo si zomwezo?

Zipangizo zingakhale zomwezo, koma ntchito ndi yosiyana, ndipo nkhani yonse yagona apa. Pa overhaul imene tinazolowera, munthu amachotsa ma ring'i ndi ma bearing akale, kuika atsopano, kumanga mabawuti mpaka dzanja litamva kuti zakwana, basi galimoto yanyamuka. Minibasi yoyenda pang'onopang'ono pakati pa Garden ndi m'tauni ingapirire zimenezi kwa kanthawi. Injini imene mukufuna kuti izizungulira ka 7,000 pa mphindi singapirire.

Tengani crankshaft. Pakati pa chitsulo chake ndi bearing pamakhala kampata kosaoneka ndi maso, m'injini zambiri zamtunduwu pakati pa mamilimita 0.03 ndi 0.06. M'kampata kameneko ndi mmene mumakhala oyilo amene amanyamula crankshaft kuti chitsulo chisakhudze chinzake. Kampata kakachepa, oyilo salowa bwino, bearing imatentha n'kugwira. Kakakula, oyilo amathawa, mphamvu yake imatsika, injini imayamba kugogoda. Palibe chala chimene chingamve kusiyana kumeneku. Pamafunika micrometer yoyezera crankshaft, geji yoyezera mkati mwa bowo, kapena kaulusi kotchedwa Plastigauge, kamene mumagoneka pa crankshaft, kumanga kapu yake pa mlingo woyenera, kumasulanso, n'kuona mmene kaphwanyikira. Kaulusi kameneka n'kotchipa poyerekeza ndi crankshaft imene kangapulumutse.

Ma ring'i nawonso sachoka m'bokosi n'kulowa pa pisitoni. Iliyonse imalowetsedwa kaye yokha mu silinda yake, kuikankha ndi pisitoni kuti ikhale mowongoka, n'kuyeza mpata wa pakamwa pake ndi feeler gauge. Mwachidule, mpata umakhala pafupifupi mamilimita 0.1 pa mamilimita 25 alionse a kukula kwa silinda, koma buku la injiniyo ndi pepala la opanga ma ring'i ndi zimene zili ndi mawu omaliza. Mpata ukachepa, ring'i ikatentha imafutukuka, nsonga zake zimagundana, imathyoka kapena kukanda silinda yatsopano. Mapisitoni ndi ma conrod amayezedwa pa sikelo kuti alemere mofanana. Mabawuti a hedi amamangidwa ndi torque wrench, kuyambira pakati kupita kunja, pang'onopang'ono maulendo angapo. Ndipo nambala iliyonse imalembedwa m'kabuku.

Kabuku kameneka ndimakaona ngati chipangizo chachikulu m'galaja. Injini ikadzavuta patsogolo, mudzadziwa pamene munayambira. Mukapereka crankshaft kwa a makina ku Light Industrial kapena ku Heavy Industrial kuti akaipale mamilimita 0.25, imene amakanika amati ten thou, ikabwera muiyezenso nokha. Si kukayikira anzanu. Nawonso ndi anthu, ndipo masiku amene magetsi amazimazima, monga mmene zinalili mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, ntchito zimaunjikana ndipo zimagwiridwa mothamanga.

Ndikakulitsa masilinda, mphamvu iwonjezeka kwambiri?

Ayi. Toyota 4A-GE ili ndi silinda ya mamilimita 81 ndipo yonse ndi 1,587 cc. Mukachita rebore ya mamilimita 0.5 imafika pafupifupi 1,607 cc. Mwawonjezera 20 cc yokha. Rebore ndi yobwezera silinda yakutha kuti ikhalenso yozungulira ndi yowongoka. Palani pang'ono pokha pamene pakufunika, chifukwa block yakale ikafika pa saizi yomaliza, ina simudzaipeza msanga.

Magalaja ambiri ku Garden ndi a panja, pansi pa mtengo kapena pa shedi ya malata. Injini yabwino ingamangidwe pamalo otere?

Kumasula ndi kutsuka koyamba kungachitike panja. Kumanga ayi. Mu August ndi September mphepo imanyamula fumbi la komboni lonse, ndipo ku Garden fumbilo limasakanikirana ndi tizitsulo ta ma grinder a owotcherera. Kamchenga kamodzi kakagwera pa bearing yopakidwa oyilo, kamamatirira pomwepo, ndipo kadzalemba mzere pa crankshaft injini ikangoyamba kulira.

Sipafunika nyumba yapamwamba. Kachipinda ka simenti kokhala ndi chitseko, kosesedwa ndi kuwazidwa madzi, tebulo loyalidwa pepala loyera, n'kokwanira. Block ikachoka kwa a makina imaoneka yoyera, koma m'timizere ta honing mumatsala phulusa la mwala wopalira. Petulo kapena palafini sachotsa phulusa limeneli. Limachoka ndi madzi otentha, sopo ndi bulashi. Mnyamata wophunzira ntchito amatsuka silinda, kuipukuta ndi kansalu koyera kopakidwa oyilo pang'ono, n'kukaonetsa kwa mkulu wake. Kansalu kakatuluka ndi kamzere kotuwa, amabwerera kukatsukanso. "Bamudala, nasuka kale," amadandaula motero. Yankho limakhala kumuonetsa kansaluko. Amabwereza mpaka katatuluka koyera mmene kanalowera, kenako block imaumitsidwa msanga, kupakidwa oyilo kuti isachite dzimbiri, n'kuvekedwa thumba la pulasitiki.

Njira za oyilo za mkati mwa block ndi mu crankshaft zimafuna kutsegula mapulagi ake ndi kulowetsamo tibulashi titalitali. Chinanso, silikoni achepe. Wochuluka amafinyikira mkati, amaduka tizidutswa, n'kukatseka sefa ya pampu ya oyilo. Injini zambiri zafa ndi chinthu chimene chinaikidwa kuti chiletse kudontha.

Nanga mphamvu yowonjezera imachokera kuti?

Injini imapeza mphamvu potentha mpweya wosakaniza ndi petulo. Petulo kuwonjezera n'kosavuta. Chovuta ndi kulowetsa mpweya wambiri ndi kuutulutsa msanga ukapsa. Kutchuna konse ndi kumeneku.

Ndondomeko yake ndi yofunika. Yambani ndi moto: distributor yosagwedera, makoyilo ndi mawaya abwino, timing yoikidwa ndi nyale yake osati ndi khutu. Galimoto zambiri zakale zimabweza mphamvu yochuluka apa pokha. Samalaninso ndondomeko ya mawaya a mapulagi, chifukwa injini zambiri za masilinda 4 zimayaka 1-3-4-2, koma Ford Kent imayaka 1-2-4-3, ndipo wozolowera Toyota amasokonezeka. Kenako ekizozi ndi sefa ya mpweya. Kenako hedi: ma valve okhala bwino pa mipando yake, ndi kusalaza mosamala mokhotera mwa njira za mpweya pafupi ndi valve. Kukumba njira zonse kuti zikule n'kulakwa kumene ambiri amachita, chifukwa mpweya umayenda mwaulesi m'njira yotakasuka kwambiri ndipo galimoto imafooka pa ma rev otsika.

Camshaft ibwere pambuyo pa zonsezi. Ya madigiri 270 mpaka 285 imayendabe bwino mu msewu. Ya madigiri 300 kupita m'mwamba ndi ya mpikisano basi. Imalira mokoma poima, koma pa mzere wa magalimoto a pa Great East Road madzulo mudzatopa nayo, kilatchi idzapsa, injini idzatentha. Makabureta awiri a Weber 40 DCOE ndi okongola ndipo amagwira ntchito, koma pa injini imene hedi ndi camshaft zake sizinasinthidwe amangomwa petulo. Pa galimoto ya mu msewu, Weber 32/36 imodzi yotchunidwa bwino imakwanira.

Ndinene mosabisa: musanawonjezere mphamvu ngakhale pang'ono, konzani mabuleki, matayala, ma shock ndi chiwongolero. Galimoto ya 1975 inapangidwira liwiro la 1975.

Ndinatchuna kabureta motsatira buku, koma mapulagi akuda ndipo petulo akutha msanga. Ndalakwitsa pati?

Mwina simunalakwitse. Buku lanu linalembedwera galimoto yoyenda pafupi ndi nyanja ya mchere, pamene Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280. Kuno mpweya ndi wopepuka. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi pa 100 la mphamvu yake pa mamita 100 alionse amene yakwera, ndiye kuti ku Lusaka yataya kale magawo 12 kapena 13 musanaigwire n'komwe. Kabureta sadziwa zimenezi. Amapereka petulo wofanana ndi wa ku Durban kapena ku Dar es Salaam pamene mpweya wachepa, choncho msakanizo umalemera, mapulagi amada, oyilo amasungunuka ndi petulo wotsikira m'munsi.

Mankhwala ake ndi kuchepetsa main jet pang'ono, sitepe imodzi pa nthawi, mukuyesa. Petulo amapsa yense pamene pali magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, koma mphamvu yambiri imapezeka pakati pa 12.5 ndi 13. Njira yodalirika yodziwira ndi geji ya wideband yolumikiza ku ekizozi. Amakanika angapo atasonkherana n'kugula imodzi, ingatumikire komboni yonse. Popanda geji, werengani mapulagi mutangothamanga ndi kuzimitsa injini pomwepo: ofiirira ndi abwino, akuda ndi petulo wambiri, oyera mbee ndi ngozi.

Pali msampha umene anthu a ku Lusaka ayenera kuudziwa. Mpweya wopepuka umalola compression yokwererako ndi timing yotsogolako popanda injini kulira ngati timiyala m'chitini, kumene amakanika amati pinking. Koma mukatsika ndi galimoto yomweyo kupita ku Siavonga kapena ku Chirundu, kumene ndi kotsika pansi pa mamita 600 ndipo kumatentha koopsa, mpweya umalemera, msakanizo umauma, ndipo injini imene inali bwino ku Garden ikhoza kuboola pisitoni. Ngati mumayenda maulendo otere, musatchune mpaka pa malire. Siyani mpata.

Akuti petulo wa masiku ano amaononga injini zakale. Ndi zoona?

Pali choona chake. Petulo wakale anali ndi mtovu, umene unkateteza mipando ya ma valve otulutsa utsi. Mtovu ndi poizoni, makamaka ku ubongo wa ana, ndipo unachotsedwa m'petulo. Dziko lomaliza kuugulitsa pa dziko lonse linali Algeria, mu 2021. Palibe chifukwa choulirira. Koma hedi ya chitsulo cha cast iron, monga ya Ford Kent kapena Essex V6, imene mipando yake inangosemedwa m'chitsulo chomwecho, imadyeka pang'onopang'ono injini ikamathamangitsidwa nthawi yaitali. Chizindikiro chake ndi mpata wa ma tappet umene ukungochepa nthawi iliyonse mukauyeza. Hedi ikakhala kale kwa a makina, auzeni aike mipando yolimba ku mbali ya ekizozi. Ndi ntchito ya kamodzi.

Amakanika ena amachotsa thermostat kuti injini isamatenthe. Ndi nzeru?

Si nzeru, ngakhale chizolowezichi chafala. Thermostat imathandiza injini kufika msanga pa kutentha kwake koyenera ndi kukhala pomwepo. Mipata yonse imene munayeza ija inawerengedwera injini yotentha. Yozizira imadya masilinda ake ndipo imamwa petulo wambiri. Injini ikamatentha mopitirira, vuto lili kwina: rediyeta yotsekeka, pampu ya madzi yakutha, timing yochedwa, msakanizo wouma kapena gasiketi.

Madzi a ku Lusaka amachokera kwambiri m'miyala ya laimu, ndipo aliyense amaona zoyera zimene zimakakamira mkati mwa ketulo. Zomwezo zimakakamira m'timachubu ta rediyeta ndi m'njira za mu hedi. Thirani coolant wosakaniza ndi madzi a distilled othira mu batire, osati a pa mpope kapena a pa chitsime. Onaninso chitsekerero cha rediyeta. Pamtunda wa Lusaka madzi amawira asanafike madigiri 100, pafupifupi pa 96, ndiye chitsekerero chofooka chimene sichisunga mphamvu chimawiritsa injini imene ilibe vuto lina lililonse.

Owotcherera a ku Garden angathandizepo chiyani pa ntchito imeneyi?

Zambiri, ndipo pamenepa komboni ino ili ndi mwayi umene madera ena alibe. Munthu amene amapinda ndi kulumikiza mapaipi tsiku lililonse angapange branch ya ekizozi, mabulaketi a injini, chitsulo chotchinga sampu ku miyala, ngakhale timakoma ta mkati mwa sampu toletsa oyilo kuthawira mbali imodzi pokhota. Chofunika ndi kumupatsa miyeso. Mapaipi a branch akhale ofanana kutalika. Yolumikiza anayi kukhala awiri kenako imodzi imakoka bwino pa ma rev a pakati, ndipo ndi imene imayenera msewu ndi rally. Yolumikiza anayi onse pamodzi ndi ya ma rev okwera. Pa injini ya 1,600 cc paipi ya mamilimita 45 mpaka 50 ndi yokwanira. Yaikulu kuposa apo imawonjezera phokoso lovutitsa anansi, mphamvu ayi.

Koma pali malire. Block ya cast iron yong'ambika siwotchereredwa ngati geti. Imafuna ndodo za nickel, kuitenthetsa yonse kaye ndi kuiziziritsa pang'onopang'ono, apo ayi imang'ambikanso pambali pa chilonda. Hedi ya aluminiyamu imafuna makina a argon. Roll cage ya galimoto ya mpikisano ili ndi malamulo ake a mtundu wa paipi ndi kapangidwe, ndipo paipi ya mafelemu a mawindo singalowe m'malo mwake, chifukwa pamenepo pagona moyo wa munthu. Flywheel nayonso isapalidwe mwachisawawa kuti ipepuke. Ikasweka pa liwiro imatulukira pamene pali miyendo ya woyendetsa.

Bwanji osangogula injini ya ku Japan n'kuikamo?

Ngati cholinga ndi kuyenda chabe, nthawi zambiri ndi njira yotchipa, ndipo sindinyoza amene aisankha. Koma injini imeneyonso ndi yakale, mbiri yake simuidziwa, ndipo kunja koyera sikunena za mkati. Iyezeni compression musanalipire, tsegulani chivundikiro cha pamwamba muone ngati muli phala lakuda la oyilo.

Kwa galimoto imene ili ndi mbiri, monga 240Z, Escort ya zitseko ziwiri kapena XR6, injini yake yoyambirira ndi gawo la mtengo wake. Ngakhale mutaikamo ina, yakaleyo musaigulitse kwa ogula zitsulo zakutha. Ithireni oyilo m'masilinda, itsekeni mabowo, isungeni pouma ndi pokwera, poti Garden madzi amalowa m'mayadi nthawi ya mvula. Kumbukiraninso kuti nambala ya injini inalembedwa mu white book. Mukasintha injini, sungani malisiti ake ndipo pitani ku RTSA akakonze zolembedwazo, kuti musadzavutike pa fitness, pa roadblock kapena pogulitsa.

Za zipangizo, m'masitolo a ku Panganani Road ndi a m'tauni mumapezeka zenizeni ndi zachinyengo, nthawi zina m'mabokosi ofanana. Pa ma bearing, ma ring'i, pampu ya oyilo, gasiketi ya hedi ndi lamba kapena tcheni cha timing, musafune zotchipa. Gwirizanani ndi makanika polemba: ntchito iti, zipangizo ziti, ndalama zingati, ndipo zakale zonse zochotsedwa akubwezereni.

Injini yamangidwa. Tsiku loyamba kuiliza tichite chiyani?

Mphindi zoyamba zimenezi zingathe kuononga ntchito ya miyezi. Musanaike mapulagi, zungulitsani injini ndi sitata mpaka geji ionetse kuti oyilo wakwera. Timing ndi kabureta zikhale zokonzeka kuti igwire msanga, osati kuipukusa mpaka batire kutha. Ngati camshaft ndi ma follower ake ndi zatsopano, injini ikangolira ikwezeni pakati pa ma rev 2,000 ndi 2,500 kwa mphindi 20, osaisiya pa idling, chifukwa camshaft imadalira oyilo womwazika ndipo pa idling safika wokwanira. Wina ayang'ane geji ya kutentha, wina ayang'ane pansi ngati pakudontha. Oyilo akhale wamba wa 20W-50 wokhala ndi zinc wokwanira, osati synthetic, kuti ma ring'i akhazikike.

Mukatero tsitsani oyilo, sinthani sefa, ndipo sefa yakaleyo idulani muone ngati muli tizitsulo. Pa makilomita 800 mpaka 1,000 oyamba, yendani mosinthasintha liwiro, kuponda pang'ono ndi kusiya, osaikakamiza pa giya yaikulu, osaifikitsa kumapeto kwa ma rev. Kenako yezaninso ma tappet, ndipo ngati buku likutero, mangitsaninso mabawuti a hedi. Sefa ya mpweya isachoke ngakhale tsiku limodzi. Makabureta opanda sefa amaoneka bwino pa zithunzi za ku Ulaya, koma m'fumbi la kuno ma ring'i atsopano satha nyengo imodzi.

Ndikaiyesere kuti liwiro lake?

Osati mu Katima Mulilo, osati mu Great North Road usiku, osati pa maliro kapena pa ukwati pamene anthu azungulira galimoto. M'misewu imeneyi mumadutsa ana a sukulu ndi amayi osenza katundu. Mipikisano yovomerezeka imayendetsedwa pansi pa Zambia Motor Sport Association, m'misewu yotsekedwa, galimoto itayenderedwa, chisoti ndi malamba zilipo. Pitani mukaonere kaye, mukadzipereke kuthandiza, mukaone mmene magulu amagwirira ntchito pa service park. Makanika amaphunzira zambiri kumeneko tsiku limodzi.

Mwana wanga amakonda za injini. Ayambire pati kuti adzafike pomanga injini zotere?

Ayambire pa galaja ya mkulu amene amalola mafunso, koma asalekere pomwepo. Lusaka Business and Technical College ndi Northern Technical College ya ku Ndola amaphunzitsa za magalimoto, ndipo amene anaphunzirira pa galaja angathe kukalemba trade test ya TEVETA kuti luso lake likhale ndi pepala. Masamu asawathawe, chifukwa compression ratio, kukula kwa injini ndi mipata ya ma bearing zonse ndi kuwerengera. Chingerezi cha m'mabuku a injini achizolowere. Mtsikana amene ali ndi chidwi apatsidwe mwayi womwewo.

Injini zakalezi ndi sukulu yabwino chifukwa zonse zili poyera. Mwana amaona ndi maso mmene camshaft imakankhira valve, mmene jet imasinthira mtundu wa pulagi, popanda kompyuta yomubisira. Akamvetsa A14 kapena Kent, injini ya Subaru kapena ya Mitsubishi ya turbo sidzamuopsa.

Inu makolo, ngati muli ndi kangachepe koti mumuthandizire, musayambe ndi bokosi lalikulu la masipanala, poti amenewo adzabwereka kwa anzake. Mugulireni feeler gauge, vernier, torque wrench ndi kabuku kolembamo miyeso, ndipo micrometer idzatsatire akayamba kulandira ndalama zake.